Kalulu woyamba wa Mphezi

Loweruka, Novembala 1996. Kunja kwazizira, koma m'nyumba muno mukununkhira bwino.

Mphezi wagwira kalulu lero. Chaka chathunthu bambo a Tadala akhala akundiphunzitsa za galu wawoyu ngati ndili m'kalasi: mayi wake ndi galu waliwiro wa mtundu wa gireyihaundi, bambo wake ndi wouma mtima wa mtundu wa teriya. Loweruka lililonse amapita naye kosaka kuminda kuseri kwa tauni ya Solihull, kuno kwa azungu, ndi anzawo a kufakitale ya magalimoto, n'kubwerako ndi matope okhaokha.

Lero sanavutike kupita kutali. Kalulu wake ndi uja wa kusukulu, amene aphunzitsi anapatsa Tadala kuti amusamale mpaka Lolemba. Mwana ali kokasambira, munthu wina anasiya khola losatseka. Mphezi anamaliza ntchito ine ndisanamalize kukuwa.

“Mwaliona liwiro limenelo, mayi a Tadala?” anatero bambowo, maso ali gwa pa galu wawo.

“Ndaliona. Wapambana nyama yonenepa yozolowera kudyera m'manja. Timugulire mendulo.”

Kutaya ndiwo sanandiphunzitse, ngakhale kuyunivesite. Ndamusenda, ndamukazinga ndi anyezi ndi tomato. Tadala tamuuza kuti kalulu wagona msanga chifukwa cha kuzizira. Wadya ntchafu zonse ziwiri, nati nkhuku ya lero ndi “so nice, Mummy”. Kenako wapatula kaloti wake pambali kuti mawa akamupatse mnzakeyo.

Bambo ake akuti Lolemba kusukulu ndipite ine, poti Chingerezi changa n'chabwino kuposa chawo. Lolemba lili kutali. Nanga mawa m'mawa, mwana akadzatuluka ndi kaloti uja m'manja...