Matuza a Apongozi

Meluluca, Agosto 1988

Okondedwa achemwali anga a Alzira,

Landirani moni wa kwanu kuno. Ndikhulupirira inu ndi alamu muli bwino ku Likomako. Ife tilipo, usipa ukuphedwa, chinangwa chakhwima.

Ndinachira bwinobwino, mwana wamkazi, dzina lake Inesi. Atangobadwa, apongozi anatuluka matuza pamlomo, aja amawabwera akadwala malungo. A Momade, anamwino a ku posito, kachipatala kathu kaja, atawaona anati, "Amayi, musamupsompsone mwanayu mpaka matuzawa aume. Thupi lanu limakagwira kachilombo ka matuzawa kakangodzuka, n'chifukwa chake kamathera pamlomo pomwepo. La khandali silinakhwime, kangathe kufika mpaka kubongo. Mankhwala ndilibe, msewu unatsekeka ndi nkhondoyi."

Apongozi anakwiya. Anati, "Ndalera ana anga onse, lero ndasanduka mfiti?" Anasiya kulowa m'nyumba mwanga, komabe m'mawa uliwonse ndinkapeza madzi ndi nkhuni pakhomo. Nkhanambo zitagwa, ndinapita ndekha kukawaika mwana m'manja. Anamununkhiza pamutu, n'kulira, kenako n'kuseka. Tsopano ndimachita kupempha kuti andibwereke ayamwe.

Inesi akunenepa, ndipo mphuno ndi ya bambo ake. Mukapeza kasopo mumutumizire. Amuna anga a Xavier sanamuonebe. Anakwera ku Maniamba kukasinthitsa nsomba ndi chimanga ndisanachire, ndipo amene anapita nawo akunena zosiyanasiyana. Mukamva kanthu kwa obwera pa ngalawa, kaya n'kotani, muuze ine, osati apongozi.

Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Joaquina