Rauta Yagwera M'beseni

Bambo a ana,

Khalani pansi musanawerenge. Mwana wathu wamkulu anaimba pa vidiyo nditangonyika zovala. Anati, "Amayi, ndachokera kusikelo, adokotala akuti..." basi nkhope yake n'kuuma pomwepo, kukamwa kuli yasa! Mukuidziwa rauta yathu ya intaneti, ikafuna kugona imagona. Ndinakwera pampando n'kuinyamula m'mwamba ngati ndikudalitsa nyumba, mawu n'kubwerera: "Mapasa, amayi, mapasa!" Ndinalulutira mpaka kuiwala zomwe zinali m'manja. Chingwe chinazuka, rauta ija n'kugwera m'beseni la malaya anu. Pepani, koma kunena zoona chisoni sichikundibwerera.

Ndikudziwa munati tisagule rauta ina, tidikire chaka chithe kuti zatsopanozi zitsike mtengo. Ndinavomera ndi mtima wonse, koma nthawi imeneyo tinalibe zidzukulu m'njira. Ine sindingamaonere ana awiri pa chithunzi choimaima, osadziwa kuti akulira ndi uti. Ndathamangira kusitolo ya zamagetsi ija yoyandikana ndi ometa tsitsi. Ndikungokaona chabe, sindigula musanafike, koma mukachedwa musadzandifunse.

Yakaleyo ndaiyanika pawindo, chonde musailumikize kumagetsi. Malayawo muwatsukuluze nokha. Achemwali anu musawauze kaye, mukudziwa kuti iwowo akamva ndiye kuti msewu wonse wamva.

Fulumirani, bambo. M'foni mwanga mulibe mayunitsi, ndipo mwanayo anali asanamalize kulankhula. Bwanji ngati anali akuwerengabe anawo, ndipo si awiri okha?

Ndine mkazi wanu, amene miyendo ikukana kukhala pansi.