Mwendo Wanga Asaufukule

Okondedwa achemwali anga a Eneless,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joni kumeneko, inu, alamu ndi ana. Kuno tilipo. Rose ali bwino, ana akupita kusukulu, inenso ndilipo wambiri ndithu, kungochotsako kuyambira pabondo lamanja kutsika m'munsi.

Kalatayi ndapatsira a Sumaila, anzanga opikula nsalu aja, chifukwa nkhani yake si ya pafoni. Amayi akadali kwathu kuno, ndipo foni ikangolira amabwera kudzakhala pafupi ngati aimbiridwa ndi iwo.

Chiyambi chake munachimva mwapatalipatali. Msomali unandibaya pakhonde pamene ndimasokera ku Malangalanga, ine n'kumati kabala aka n'kachiyani. Ndinathirapo mchere n'kubwerera pamakina. Sabata isanathe ndinali kunjenjemera dzuwa likuswa mtengo, mwendo utatupa ngati mtondo, ndikuitana makasitomala amene anamwalira kalekale kuti adzatenge zovala zawo. Adokotala anati poizoni wa pabala walowa m'magazi, matenda amene iwo amati sepisisi, ndipo tisankhe pakati pa mwendo ndi mwini wake. Rose anasankha mwini wake. Ndimamuthokoza, ngakhale masiku ena ndikamuvutitsa amaoneka ngati akuiganizanso nkhaniyo.

Amayi anakanitsitsa kuti mwendowo uwotchedwe kuchipatala. Anati chiwalo cha mwana wawo si zinyalala, chikaikidwe kumanda kwathu ku Nsaru pafupi ndi malemu abambo. Anatuma mng'ono wathu Lexon. Anapita, anabwera, n'kunena kuti mwambo wonse wayenda bwino, ndi nyimbo yomwe inaimbidwa.

Amene ndinaputa mavuto ndine, ndi pakamwa pangapa. Mwendo umene palibewo umayabwa, achemwali. Chala chachikulu chimapindika, chidendene chimanyerenyesa, ndikati ndikande ndimapezeka ndikukanda mpando. Kuchipatala anandichenjeza kuti zimachitikira ambiri, akuti ubongo umachedwa kulandira uthenga. Koma ine ndinadandaula pamaso pa amayi. Pomwepo anagamula kuti Lexon anauika mwendowo chopinda, ndipo sudzandipatsa mtendere mpaka aufukule n'kuuwongola.

Anakwera basi kukadzionera okha. Anabwerako maso ali psuu, akuti pamtumbira paja pamera nthochi, yobiriwira bwino, kumanda kumene nthochi sinamereko chiyambire. Iwo akuti n'chizindikiro. Adzukulu okumba manda auzidwa kale, akukafukula mwezi uno ukatha.

Mawa lake Lexon anatulukira pakhonde panga, nkhope ili ndwii, n'kukhala pansi penipeni pafumbi. Anati ndimukhululukire. Akuti tsiku lija anafikadi kudepoti ndi katoni yake, kondakitala n'kuyamba kuigwedeza, kufunsa ngati muli nyama kuti aimangirire kumbuyo pamodzi ndi kabichi. Apa m'pamene mnyamata uja anakumbukira kuti panjira pali apolisi, ndiponso kuti masiku ano munthu wopezeka ndi mwendo wa mnzake m'katoni, anthu samudikira kuti afotokoze. Anabwerera nawo kuchipatala chothamanga n'kuwasiyira eni ake. Atafika kumudzi chimanjamanja, anazula kathunthu ka nthochi kudimba kwa amalume, kukakulunga m'nsalu, n'kuitana anthu. Pofulumira anakazula ndi mizu yomwe, ndipo dzenje, mukumudziwa Lexon ndi khasu, linali lofika m'kakolo.

Ndinaseka mpaka kugwa pampando, ndipo masiku ano kugwa sikundivuta. A Sumaila anachita kubwera kudzanditola, naonso misozi ili mbwembwembwe ndi phwete.

Mwina mukudabwa kuti pakhondepo ndimatani. Ndinabwerera kuntchito, achemwali. Makina aja sanafunse za mwendo wachiwiri. Masiku oyamba lamanzereli limapondera chobwerera, moti ndinasoka mokhotakhota mkono wa diresi ya mayi wina wa ku Area 10, iye n'kuchita manyazi kundikalipira, ine n'kumupempha kuti andikalipire ndithu monga ankachitira kale. Pano dzanja ndi phazi zagwirizana. Ndikakhala pamakina ngakhale kuyabwa kuja ndimakuiwala.

Tsopano ndisiye zoseka. Chitulukireni m'chipatala, amayi sanandiyang'anepo kumaso. Akalowa m'nyumba maso awo amathamangira pamene buluku lapindidwa, n'kuyamba kupukusa mutu. Alendo akabwera kudzandizonda amawauza kuti Nebert anali telala wabwino, Nebert ankakonda mpira, ine ndili pompo ndikumwa tiyi. Pakhonde panga sanapondepo, akuti sangapirire kundiona ndikudzizunza. Zimenezi zimandipweteka kuposa bala. Ndinalimbana ndi imfa kuti ndibwerere kwa iwo, koma iwo akadali pamaliro.

Akakafukula n'kupeza nthochi, Lexon ndiye wapsa, koma zimenezo n'zazing'ono. Chimene ndikuopa n'chakuti amayi adzayamba kulira kachiwiri, kulirira mwendo umene unawotchedwa, ndipo ine ndidzadikiranso kuti mwina tsiku lina adzandione.

Inu amakumverani, ndinu mwana wawo woyamba. Aimbireni foni. Za nthochizo musatchule, Lexon adzaulula yekha mtima wawo ukadzakhala pansi. Ingowauzani kuti ku Nsaru asiyeko kaye, mwana wawo ali ku Lilongwe. Muwakakamize abwere ku Malangalanga Loweruka loyamba mukangolandira kalatayi. Ndawasankhira nsalu yabwino ya diresi yopita nayo kutchalitchi, ndipo powayeza ndiyenera kuimirira. Ndodo ndidzazisiya dala pakona. Ndidzatsamira paphewa pawo, kuti amve okha mmene zotsalazi zikulemerera.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse, muwauze kuti amalume awo akadali ndi dzanja lowakokera makutu. Rose akuti moni wambiri. Mulungu amene anandibweza panjira akusungeni inunso kuchilendoko.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Nebert