Madzi a Pakhomo Pathu

Wokondedwa mlongo wanga Boyan,

Ndikhulupirira uli bwino ku Valencia kumeneko, pamodzi ndi alamu anga a Desi ndi ana. Kodi msana uja unasiya kukuvuta? Kuno ndilipo, kungoti nyumba yandikulira chiwaikireni mayi m'manda. M'mawa ndimapezeka ndaphikabe khofi wa anthu awiri.

Za kusabwera kwako kumaliro sindikudzudzula. Ndakulembera chifukwa mwambo wokumbukira mayi pa tsiku la makumi anayi chimwalirireni ukugwa pa 16 Novembala, ndipo pali nkhani imene ndaibisa pafupifupi zaka makumi awiri.

Lolemba ndinapita kwa a Tihomir osindikiza aja kuti andipangire zipepala za chikumbutso zomata pageti ndi pamitengo. Pansi pa chithunzi cha mayi ndinati alembe mawu aja akuti madzi othira mwana pakhomo sapita naye, amalowa pansi n'kumamudikira. Pokatenga ndinapeza awonjezerapo dzina la malemu a Gerginov, phungu wathu uja.

Nditadandaula anandiseka. Anafunsa ngati ndayamba kubera akufa, poti mawuwo ngakhale ana a sukulu amawaloweza, ndipo ali pamwala pabwalo la tauni. Anati mayi anali katswiri wophika banitsa, chitumbuwa chathu cha tchizi chija, zimenezo palibe angatsutse, koma za nzeru tiwasiyire eni ake. Ndinanyamula zipepalazo n'kukalirira pasiteji ya basi.

Boyan, mawu amenewo si a Gerginov. Ndi a mayi, ndipo wakuba ndine.

Ukukumbuka m'mawa umene unkanyamuka kupita kunja? Mayi anathira madzi patsogolo pako ndi kamphika kawo ka mkuwa kaja, kuti ulendo ukuyendere ngati madzi. Iwe unawadumpha poopa kunyowetsa nsapato zatsopano, n'kuthamangira basi. Mayi anatsala akuyang'ana madzi akulowa pakati pa miyala, ndipo m'pamene ananena mawuwo, chapansipansi. Sankauza ine n'komwe.

Nthawi imeneyo ndinkatayipa mu ofesi ya a Gerginov, asanakhale phungu. Bambo aja mawu awo anali ouma ngati buledi wadzana. Tsiku lina anandiuza kuti ndiwapezere kachiganizo koliza amayi amene ana awo ali kunja, poti mavoti ali kumeneko. Ine ndinkafuna andione kuti ndili ndi mutu. Ndinatayipa mawu a mayi.

Anthu analira pamsonkhanopo, bambowo anapambana, mawuwo anafika mpaka kulikulu ku Sofia. Mayi anawamva pa TV tikusenda tsabola wowotcha. Anandiyang'ana kamodzi kokha n'kupitiriza kusenda. Iwo sanandifunse, ine sindinapepese, ndipo tinakhala choncho mpaka imfa.

Chimene chikundisowetsa mtendere kwenikweni ndi cha Pasaka wa chaka chomwecho. Unaimba foni, ine ndinakweza mawu kuti tonse timve. Unawaseka kwambiri mawu aja. Unati ndi zopusa za andale, madzi sadikira munthu, amangouma basi, ndipo wonena zimenezo sanaperekezepo mwana wake. Mayi anaseka nawe, nati ukunena zoona mwanangu.

Ndinali pomwepo, pakamwa ndili napo, koma ndinakhala chete poopa manyazi anga.

M'mawa mwake ndinawapeza akuthira madzi pamiyala yomwe ija. Nditafunsa, anati mwana wanena kuti amauma, ndiye awonjezere. Kuyambira tsiku limenelo sanadumphitsepo. M'nyengo yachisanu madziwo ankaundana, aneba ankadandaula kuti gogo ameneyu adzathyola munthu mwendo, iwo osamva. Miyendo itakana ankandituma ine, n'kumasuzumira pawindo kuti aone ngati ndathiradi.

Ndikanakuuza kalelo, mwina ukanabwera adakali moyo. Ndikhululukire, mlongo wanga. Ndinawabera mayi mawu awo, ndipo iwe ndinakubera mayi ako.

Zipepala zija ndazimata. Pa chilichonse ndakhwatcha dzina la a Gerginov ndi cholembera n'kulembapo dzina la mayi, Radka Ilieva. Anthu akuti chisoni chandisokoneza mutu. Pa 16 paja, tikamagawa tirigu wowiritsa kumanda monga mwa mwambo, ndidzanena zonse poyera. Akhulupirire, asakhulupirire, zili kwa iwo. Koma sindikufuna kudzaima ndekha, ndipo mwini wake wa mawuwo ayenera kudzakhalapo. Sananenedwere dziko kapena mavoti, ananenedwera iwe.

Undiperekere moni kwa a Desi, ndipo ana uwapsompsone m'malo mwanga. Mulungu akusungeni nonse ndipo akutsegulire njira.

Madzi ndikuthirabe m'mawa uliwonse. Ukafika pageti usadzawadumphenso, udzawaponde.

Ndine mlongo wako,
Nevena