Mkono Wokana Kugona Pansi

Lamulungu, 9 Malichi

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Ine ndilipo, chovuta ndi phewa lomwe lija. Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa pafoni mumandidula pakamwa, ine nkumangoti "chabwino" ngati mwana wasukulu. Uthenga wanu ndinaumva: bambo ayamba kulephera kudzuka okha, alamu atopa, ndiye mwaganiza zowabweretsa kuno mwezi wamawa poti ine manja anazolowera. Ndiyankha, koma mundilole ndiyambe ndi za phewali.

Chiikireni mayi m'manda, mkono wanga wamanja sutambasuka. Kushopu ndikamadula nsalu, sizasi imangopulumuka m'manja. Mwezi watha ndinabweza diresi laukwati kwa mwini wake nditalephera kulimaliza, ine telala wa zaka zonsezi! Kuchipatala anandijambula, sanapeze kanthu. Adokotala anati ndikayese yoga kuholo ya kuseri kwa laibulale. Ndinaseka. Ine mayi wamkulu chonchi ndizikadzipinda ngati waya? Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndinapita.

Sizopindapinda ayi. Timayala timphasa tofewa, kukhala pansi, kutembenuza khosi, kukweza manja, kumvetsera mpweya ukulowa ndi kutuluka. Aphunzitsi athu ndi mayi wochepa thupi, wolankhula ngati akuopa kudzutsa khanda. Tinawapatsa dzina loti a Pang'onopang'ono, chifukwa mawu awo ndi omwewo. Amakonda kunena kuti thupi limasunga zimene pakamwa panakana kutulutsa. Ine mumtima ndinkati, zanu izo, ine ndabwerera phewa basi.

Tsiku lina anatiuza kuti tigone chagada, titambasule manja uku ndi uku. Mkono wamanzere unagona pansi bwinobwino. Wamanja unakana, unangoti njo m'mwamba, uli chipindikire pachigongono. Ndinaukankha, osatheka. Aphunzitsi anabwera nkuika kapilo pansi pake.

"Musaukakamize, amayi," anatero. "Ingouyang'anani. Ukuchita chiyani mkonowu?"

"Ukupweteka, nanga utaninso?" ndinayankha mokalipa.

"Eya. Nanga mpweya mwaugwiriranji?"

Zoonadi, ndinali nditagwira mpweya, mano nditaluma. Ndinatembenuza mutu kuuyang'ana mkono uja, ndipo ndinauzindikira. Achimwene, ndi mmene ndinkaulowetsera pansi pa khosi la mayi powadzutsa. Kupita nawo kuchimbudzi, kuwasambitsa, kuwatembenuza kuti asachite zilonda, kuwakhazika kuti amwe mankhwala, zaka zonse zija chiwagwireni sitiroko. Mayi anapita, koma mkonowu palibe anauuza, ukadali pantchito.

Ndinkayesa ndilira, paja ena amalira m'kalasimo ndipo palibe amawadabwa. Ayi ndithu. Chinakwera kuchokera m'mimba chinali chotentha, ndipo chitafika pakamwa ndinatukwana. Mokweza, holo yonse kumva. Ndinatukwana inuyo, achimwene, mawu oti sindingawalembe pano. Ndinatukwananso bambo. Kenako mkulu wina amene anagona pambali panga, dalaivala wa basi wopuma ntchito wovutika ndi msana, anati, "Bwerezaninso mayi, mwina wanganso umasuka." Anthu anaseka, ine sindinaseke. Aphunzitsi sanandidzudzule.

"Chili pati tsopano?" anandifunsa.

"Pachifuwa."

"Chisiyeni chikhale pomwepo. Musachithamangitse, muzingopuma."

Ndiye ndakhala nacho masabata onsewa, ndipo dzina lake ndalidziwa. Si chisoni ayi, ndi mkwiyo. Mayi atagwa, bambo anati mtima wawo sungapirire kuona mkazi wawo ali chonchija, inu nkubwera ndi galimoto kudzawatenga bambowo. Kodi wanga mtima unali wachitsulo? Munkaimba foni nkumati, "Ukuchita bwino mlongo wanga, Mulungu akudalitse," ine foni nditaipana ndi phewa, manja ali m'beseni la zofunda zonyowa. Pamaliro munalankhula bwino zedi mpaka anthu kupukuta misozi. Munati mutu umodzi susenza denga, banja lathu linagwirana manja. Manja ake ati? Ine ndinali kumbuyo, ndikulephera ngakhale kukweza kapu ya madzi.

Mkono sunachire, ndisakunamizeni. Koma m'mawa uliwonse ndisanatsegule shopu ndimagona pansi pakati pa makina ndi tebulo lodulira nsalu, nkumapuma, nkumauuza kuti basi, ntchito inatha, palibenso wonyamula. Mundiseke ngati mukufuna. Dzulo chigongono chinakhudza pansi koyamba, ndipo madzulo ake ndinadula siketi yonse osaima. Ndiye inu mukufuna ndiuuze kuti ndinkaunamiza?

Bambo sindiwalandira. Musawakweze galimoto poganiza kuti mukafika pakhomo ndichita manyazi, mudzangowavutitsa ndi ulendo. Musanditumizirenso azakhali kudzandinyengerera, ndawauza kale. Ndikudziwa kuti ndizitchedwa mwana wouma mtima, ndipo zikundiwawa, chifukwa bambo ndimawakonda ngakhale anathawa. Kudzawaona ndizibwera. Ndizikhala pampando, kucheza nawo, kuwagwira dzanja, dzuwa likapendeka nkumatsanzika, monga munkachitira inu.

Alamu muwapatse moni, muwauze kuti kutopa kwawo ndikukumvetsa kuposa wina aliyense. Ntchitoyi musawasiyire okha, bambowo ndi anu. Ana onse moni, wamkuluyo yunifolomu yake ndimusokera ndikapeza bwino. Bambo muwauze kuti ndimawapempherera.

Powadzutsa muziyamba mwawauza, asadzidzimuke. Muyandikire bedi, mupinde mawondo osati msana, ndipo mutulutse mpweya pamene mukunyamula. Masiku oyamba mudzagwa nawo, mwina adzakutukwanani, mwina mudzakalira kubafa. Zikatero musandiimbire foni. Mudzadzuke muyesenso, inenso panalibe wondionetsa.

Ndine mlongo wanu,
Telala