Amene Anandiyankha ku Phanga

Okondedwa Amalume,

Muli bwanji pamodzi ndi ana kumeneko? Ine kuno ku Manassas, ku America, ndilipo, kungoti kwazizira.

Mwezi watha agogo amene ndimawasamalira aja anafuna kukaona kwawo ku India, ndiye ana awo ananditenga kuti ndizikawakankha pa wilitcheya. Tinapita kuchigwa china chakutali kumene anthu akale anagoba thanthwe n'kupanga zipinda zopemphereramo. M'kati mwake ndi mdima ndi fungo la mileme, ndipo muli chifanizo cha Buda chogona chammbali, chachitali ngati basi.

Anawo atatsogola ndi mayi awo, ine ndinatsala ndekha pakhomo la chipinda china. Mukudziwa mmene anatilerera amayi, sitilowa pa eni ake osaodira. Ndinanyonyomala pang'ono n'kunena kuti, "Odi."

Amalume, m'katimo munamveka mawu. Anati, "Lowa, Eme, wachedwa." Ndinaunika ndi foni koma munalibe munthu. Ku India ndani angadziwe Chichewa? Komanso wonditchula kuti Eme alipo mmodzi yekha, amayi.

Chibwerereni, ndikaimba foni mng'ono wanga Kondi amati amayi ali kudimba, mawa lake ali kutchalitchi, tsiku lina akuti agona. Mlongo wanu uja anayamba liti kugona masana?

Chonde pitaniko nokha. Mukawapeza muwapatse foni, angolankhula pang'ono basi. Mukapeza zina musatume Kondi, mundiuze ndinu. Nsalu imene ndinawagulira ku India ndayamba ndaisunga, sindinatumize.

Ine mwana wa mlongo wanu,
Emelda