Milamba ya Alamu a Zuze

Lachinayi, Okutobala. Lero kwatentha, koma mtima wanga uli myaa.

Alamu anga a Zuze, omwe anandilanda thamanda la malemu amuna anga kudambo, abwerera kumsika ndi milamba yosagulidwa. Nsombazo sizithawanso munthu, ndipo ukazitumbula chiwindi chimakhala chotupa, chachikasu. Mlangizi wa zausodzi wawauza kuti m'madzimo muli mankhwala a anthu, ndiwo akuwononga nsomba m'kati.

"Mlamu, ana akugona ndi njala," andidandaulira. "Kodi ndalodzedwa?"

"Pepani alamu, pempherani kolimba," ndayankha ndikusisita mutu wa kamwana kawo.

Pa mapiritsi otha ntchito amene amandipatsa kuti ndikatenthe, kuchipatala komwe ndimasesa, latsala thumba limodzi. Mawa ndilawirira kukalikhuthuliranso m'thamandamo anthu asanadzuke, kenako ndikawazonde alamuwo ngati sindikudziwapo kanthu...